Kodi mwanayu adya fizikisi? Nkhani ya mkulu wina wa ku Rome

Ogasiti wa kuno ku Dubai saona nkhope. Ukatuluka m'chipatala m'mawa utachezera ntchito usiku wonse, magalasi a m'maso amachita nkhungu usanafike n'pamsewu pomwe, mpweya n'kukukuta ngati wavundukula mphika wa mbatata. Tsiku lina lotero, ndikudikira basi m'kanyumba kozizira ka pasiteji, ndinatsegula WhatsApp n'kupeza kuti pagulu la banja lathu pavuta.

Nkhani yake inali ya mwana wa achemwali anga. Mtsikanayu ali chaka choyamba ku University of Malawi ku Zomba, paja tinkati ku Chanco, ndipo wanenetsa kuti iye mtima wake uli pa fizikisi ndi masamu. Amalume ake, achimwene anga, akuti ayi, asiye zimenezo akayese unamwino, kuti mawa naye adzakwere ndege. "Kodi mwanayu adya fizikisi?" anafunsa. Ndiye poti fizi imachokera m'thumba langa, onse anatembenukira kwa ine: "Inu mayi ake aang'ono, weruzani."

Ambiri a inu amene mukuwerenga muli ku Johannesburg, Dublin, Muscat kaya Leeds mlandu wotere mukuudziwa. Ukangoyamba kutumiza ndalama umasanduka nyakwawa, ngakhale pa nkhani zoti suzidziwa mutu wake. Ine fizikisi ndinasiyana nayo kalekale. Choncho ndinakadandaulira mnzanga wina wa kuntchito, bambo wa ku Italy amene amayang'anira makina a MRI. Iye sanandipatse yankho. Anangondilembera dzina papepala: Giovanni Jona-Lasinio. Akuti potchula umati Yona, ngati mneneri wa m'Baibulo uja. "Kawerenge za ameneyu," anatero, "kenako ukaweruze wekha." Ndakhala ndikuwerenga masabata angapo, nthawi imene odwala agona.

A Jona-Lasinio anabadwira ku Florence mu 1932, ndipo maphunziro a fizikisi anachitira ku Rome. Rome wa nthawi imeneyo anali ngati mudzi umene amuna onse apita ku Joni. Mu 1938, Enrico Fermi, katswiri wamkulu wa fizikisi kumeneko, atapita ku Sweden kukalandira mphoto ya Nobel sanabwerere kunyumba. Anapitirira ulendo wa ku America, chifukwa boma la Mussolini linali litakhazikitsa malamulo osala Ayuda, ndipo mkazi wake anali Myuda. Anzake angapo anamwazikanso. Amene anatsala ndi Edoardo Amaldi, yemwe nkhondo itatha anatolera zotsala n'kuyamba kuphunzitsa achinyamata, komanso anali mmodzi wa anthu amene anayambitsa CERN, malo aakulu a kafukufuku a ku Geneva. Zoti anthu ophunzira amathawa kwawo, anzanga, si matenda athu okha.

Mu 1959, ali ndi zaka 27, a Jona-Lasinio nawo anakwera ulendo wa ku University of Chicago. Kumeneko anakumana ndi mlendo mnzawo, Yoichiro Nambu wa ku Japan, amene ankawaposa ndi zaka 11. Paja amati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Apa alendo anali awiri.

Zimene ankasinkhasinkha zikukhudzana ndi makina a mnzanga uja. M'kati mwa MRI muli waya amene amaziziritsidwa mpaka pafupifupi madigiri 269 kunsi kwa ziro. Akazizira choncho, magetsi amayenda m'menemo popanda chowatchinga chilichonse. Zimenezi amati superconductivity. Zinatulukiridwa mu 1911, koma chifukwa chake chinadzamveka mu 1957, pamene Bardeen, Cooper ndi Schrieffer anachifotokoza. A Nambu anaganiza kuti masamu omwewo angathe kuyankha funso lina losiyana kwambiri: kodi tizidutswa ta pakati pa atomu, proton ndi neutron, kulemera kwake timakutenga kuti?

Ganizo lake, momwe ine ndalimvera, lili chonchi. Imikani munsi chilili pabwalo losalala, muusiye. Palibe lamulo loti ugwere kum'mawa kapena kumadzulo, mbali zonse n'zofanana. Komabe ugwa, ndipo ugwera mbali imodzi. Lamulo silikondera, koma chochitikacho chasankha mbali. Awiriwa anaonetsa ndi masamu kuti chilengedwe nacho chikhoza "kugwera mbali imodzi" chotere, ndipo chikatero tizidutswa timene pachiyambi tinalibe kulemera timapezeka tikulemera. Analemba mapepala awiri m'magazini ya Physical Review mu 1961, ndipo mpaka lero ophunzira amawerenga za Nambu–Jona-Lasinio model. Ganizo limeneli ndi limene Peter Higgs ndi anzake anapita nalo patsogolo mu 1964, ndipo kadutswa kamene Higgs analosera kanadzapezeka ku CERN mu 2012. Kuchoka 1961 kufika 2012 ndi zaka 51. Achimwene anga akanakhala malume wawo, bwenzi atawauza kalekale kuti akaphunzire ukalipentala.

Koma chimene chinandigwira mtima ndi china. Mu 1960 kunali msonkhano wa akatswiri ku Purdue University, kumene ntchito yatsopanoyi inayenera kufotokozedwa. A Nambu sanathe kupita, ndipo amene anaima kutsogolo m'malo mwawo anali mnyamata wa ku Italy uja. Patapita zaka 48, mu 2008, mphoto ya Nobel ya fizikisi inagawidwa pawiri: theka kwa a Nambu, theka linalo kwa Makoto Kobayashi ndi Toshihide Maskawa. Lamulo la mphotoyi salola anthu oposa atatu. Ku Italy anthu anadandaula kwambiri, makamaka chifukwa cha Nicola Cabibbo, amene ntchito yake inali maziko a zimene Kobayashi ndi Maskawa anachita koma anasiyidwa. Dzina la a Jona-Lasinio nalo silinatuluke. A Nambu, amene anali ndi zaka 87, sanapite ku Stockholm. Ndiye pa 8 Disembala 2008, amene anaimirira pamaso pa khamu kukamba nkhani ya wopambana anali mkulu yemwe uja wa ku Purdue, tsopano wa zaka 76 ndi imvi zake.

Sindikunena kuti anaberedwa. Ganizo loyamba linali la a Nambu, ndipo izi palibe amene amatsutsa. Koma ife anamwino dzina lachiwiri timalidziwa kukoma ndi kuwawa kwake. Umachezera ndi wodwala usiku wonse, ndiwe umayamba kuona kuti kapumidwe kasintha, ndiwe umadzutsa dokotala. Tsiku lotuluka, maluwa ndi chokoleti zimapita kwa dokotala. Sizikhala kuti dokotalayo walakwa, ayi. Koma pamafunika mtima wina wake kuti uvale suti, ukwere ndege, ukafotokoze bwinobwino ntchito imene unagwira nawo, m'manja akuwombera mnzako.

Chinanso n'chakuti mkuluyu sanakhazikike kunja. Ankapita n'kubwerera: ku CERN 1964 mpaka 1965, ku MIT ku America chaka chotsatira, ku Paris kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Koma mpando wake unali kwawo. Anaphunzitsa ku Padua kuyambira 1970, ndipo mu 1974 anabwerera ku yunivesite ya La Sapienza ku Rome, kukaphunzitsa masamu a fizikisi. Mu 1969, iwo ndi Carlo Di Castro anali m'gulu la oyamba kuonetsa kuti njira ina ya masamu yochokera ku maphunziro a tizidutswa ingathandize kumvetsa zimene zimachitika chinthu chikamasintha mkhalidwe, monga maginito akamataya mphamvu chifukwa chotenthedwa. Amene anadzaifikitsa njirayo pamapeto ndi Kenneth Wilson wa ku America, ndipo Nobel ya 1982 inapita kwa iyeyo. Apanso anadutsa pafupi.

Tsono ntchito imene ine yandikhudza kwambiri ndi ya kuukalamba kwawo, chifukwa ndi imene ndimaiona tsiku lililonse mumzinda uno.

Pali nthambi ya fizikisi yoona za kutentha, dzina lake thermodynamics. Inakula m'zaka za m'ma 1800, nthawi ya injini za nthunzi, ndi anthu monga Carnot, Clausius ndi Boltzmann. Malamulo ake ndi olimba ndithu, koma amagwira bwino pa zinthu zimene zadekha. Siyani kapu ya tiyi patebulo. Izizira mpaka ifanane ndi mpweya wa m'chipindamo, basi nkhani yathera pomwepo. Zikafika potero akatswiri amadziwa kuwerengera chilichonse. Vuto n'lakuti zinthu zambiri za m'dziko sizili ngati tiyi wozizira. Taganizani dziwe ndi mtsinje. Mukaima pamlatho wa Shire ku Liwonde tsiku lopanda mphepo, madzi amaoneka ali phee ngati dziwe, mulingo wake osasintha. Koma akudutsa. Akuoneka odekha chifukwa olowa ndi otuluka akufanana. Kuphunzira zinthu za mtundu wa mtsinjewu ndi kumene amati nonequilibrium thermodynamics.

Dubai yense ndi mtsinje wotere. Kunja kuli madigiri 45, m'chipinda muli 24. Nambala 24 imeneyo imaoneka yokhazikika, koma kutentha kukulowa mosalekeza kudzera m'makoma ndi m'mawindo, AC n'kumakutulutsa, mita ya magetsi n'kumathamanga. Magetsi atangozima, m'maola ochepa chipinda chifanana ndi kunja.

Thupi la munthu ndi chimodzimodzi. Madigiri 37 amene timalemba pa tchati m'mawa uliwonse si chinthu chongokhala. Munthu atangokhala pansi osachita kanthu, thupi lake limatulutsa kutentha kofanana ndi babu lakale lija la mawati 100, ndipo kutenthako kuyenera kutuluka. Namwino aliyense amene anakonzapo thupi la munthu amene watisiya amadziwa nthawi imene thupi limadekha zenizeni, n'kufanana ndi mpweya wa m'chipinda. Ndikamawerenga za "kudekha" kwa a fizikisi, chimene chimandibwerera ndi chimenecho.

Akatswiri akuluakulu anayesapo kupeza malamulo a zinthu zosadekhazi. Lars Onsager anayala maziko mu 1931, Ilya Prigogine analandira Nobel mu 1977 pa nkhani yomweyi, ndipo ku Rome komweko Giovanni Gallavotti, pamodzi ndi E. G. D. Cohen, anatulutsa zotsatira zotchuka mu 1995. A Jona-Lasinio analowa mozama m'munda umenewu akuyandikira zaka 70, msinkhu woti kwathu m'boma munthu anapuma zaka khumi zapitazo. Anagwirizana ndi anthu anayi oti akanatha kukhala ana awo: Lorenzo Bertini, Alberto De Sole, Davide Gabrielli ndi Claudio Landim wa ku Rio de Janeiro. Pepala lawo loyamba linatuluka mu 2001 mu Physical Review Letters. Maina amawandandalika motsata alifabeti, ndiye dzina la gogoyo lili pachinayi.

Anayambira pa chinthu chooneka chachibwana. Tengani chitsulo chachitali, mbali imodzi pamoto, ina m'madzi ozizira. Pakapita nthawi kutentha kumadutsa pa mlingo umodzimodzi. Koma mukayang'anitsitsa, mlingowo umagwedezeka: pena kudutsa kochulukirapo, pena kochepa, ndipo mwa apo ndi apo kusokonekera kwakukulu kosayembekezeka. Funso lawo linali lakuti kodi kusokonekera kotereku kungachitike kangati, ndipo kumabwera modzera njira iti? Anapeza kuti pa zinthu zambiri za mtunduwu, ukadziwa zinthu ziwiri zokha zoti ukhoza kuyeza, momwe tizidutswa timamwazikira patokha ndi momwe timayendera tikakankhidwa, ukhoza kuwerengera yankho popanda kulondola kadutswa kalikonse pakokha. Njirayi anaitcha macroscopic fluctuation theory.

Muli mfundo ina m'menemo imene ndakhala ndikuibwereza m'mutu. M'dziwe, njira imene zinthu zimasokonekera ndi yomweyo imene zimabwerera m'malo mwake, kungoti chammbuyo, ngati mwabweza filimu. Mumtsinje si choncho: njira yopitira ndi ina, yobwerera ndi ina. Masamu awo amaonetsanso chifukwa chake m'zinthu zosadekha, zochitika pamalo awiri otalikirana zimakhala pa ubale, pamene m'dziwe malo aliwonse amangosamala za oyandikana nawo. Mu 2015 asanuwo anasonkhanitsa ntchito yonseyi mu Reviews of Modern Physics. Apa n'kuti mphoto za dzina lawolawo zitafika: ya Dannie Heineman mu 2012, chaka chimene ankakwanitsa zaka 80, ndi mendulo ya Boltzmann mu 2013, imene anagawana ndi Harry Swinney wa ku America.

Ndisakunamizeni. Masamu amenewa sanalembedwere odwala, ndipo palibe dokotala amene amawatsegula pochiza munthu. Amakamba za tizidutswa tongoyerekeza todumphadumpha pamzere. Thupi la munthu n'lovuta kuposa pamenepo kutalitali. Koma funso lake, loti chinthu chooneka chokhazikika chimagwa bwanji mwadzidzidzi, ndi funso la ku wodi yathu miyezi ino.

Chilimwe chathachi anatibweretsera mnyamata wina wa ku Africa konkuno kwathu, mlonda, atakomoka pageti. Choyezera chinaonetsa 41. Anzake amati m'mawa anali bwinobwino, anangoyamba kuyankhula zosamveka ngati waledzera. Chimene chinachitika n'chakuti mpweya ukatentha kuposa khungu, njira imene thupi latsala nayo yotulutsira kutentha ndi thukuta, ndipo thukuta limaziziritsa pokhapokha likamauma. Ndi nzeru yomwe ija ya mtsuko wa agogo: madzi amazizira chifukwa dothi limachita thukuta, mphepo n'kumaliumitsa. Kwathu ku Nsanje ndi Chikwawa mu Okutobala kumatentha zoopsa, koma mpweya umakhala wouma, thukuta limagwira ntchito. Kuno mu Ogasiti ndi Sepitembala mpweya wochokera kunyanja umadzaza chinyontho. Thukuta limangochucha osauma, madzi akutha m'thupi, kutentha osatuluka. Kutentha kwa thupi kukadutsa madigiri 40, mutu n'kuyamba kusokonekera, impso ndi chiwindi zili pangozi. Tinamuvula, kumuthira madzi ozizira, ayezi m'khwapa ndi m'mphechepeche, mafani, diripi. Anapulumuka. Kugwa kunatenga maola awiri kapena atatu, koma kuti impso zibwerere m'malo panatenga masabata.

Ndiye abale anga amene mumagwira ntchito panja kuno ku UAE, alonda, oyendetsa njinga zamoto, a zomangamanga: lamulo lilipo. Kuyambira 15 Juni mpaka 15 Sepitembala, ntchito ya padzuwa ndi yoletsedwa kuyambira 12:30 mpaka 3 koloko masana, ndipo kampani yophwanya imalipitsidwa madirham 5,000 pa wantchito aliyense, mpaka kufika 50,000. Imwani madzi ludzu lisanafike. Mukatuluka thukuta kwambiri onjezerani madzi a mchere ndi shuga aja kwathu timati Thanzi. Mkodzo ukada, dziwani kuti mwatsalira. Mnzanu akayamba kubwebweta kapena kudzandira padzuwa, musamuseke ndipo musadikire abwana. Mulowetseni pamthunzi, muthireni madzi, imbani 998.

Tibwerere kwa mtsikana uja. Achimwene anga si opusa. A Jona-Lasinio ankatha kudikira zaka 50 chifukwa dziko lawo linali ndi bungwe la boma la kafukufuku, INFN, ndi mayunivesite olipira munthu kuti aziganiza. Kwathu zotere n'zochepa. Mwanayu akhoza kumaliza digiri n'kukathera pa CDSS ina yake, choko m'manja, nyumba yopanda magetsi. Ngakhale apo, ndani anati ana a kumeneko safunika mphunzitsi wa fizikisi woidziwa? Komanso tisanamizane kuti unamwino ndi tikiti ya ndege. Anamwino angati amene anamaliza sukulu ali pakhomo kudikira kuti boma liwalembe? Ndipo ife amene tinakwera ndegeyo mukutidziwa moyo wake. Ndalama imalowa pa 28, pofika pa 5 yadutsa. Kumudzi amaona ngati dziwe.

Mnzanga wa MRI uja anandionetsanso zitseko zimene sindinkazidziwa. Ku Trieste, ku Italy komweko, kuli ICTP, malo amene Abdus Salam wa ku Pakistan anayambitsa mu 1964 n'cholinga choti asayansi a m'maiko osauka azipita kukanola nzeru osataya kwawo. Kuli maphunziro a chaka chimodzi okonzekeretsa omaliza digiri yoyamba, komanso digiri ya fizikisi ya zachipatala. Kuno ku Africa kuli AIMS, sukulu ya masamu imene inayamba mu 2003 ku Muizenberg pafupi ndi Cape Town, ndipo osankhidwa amalipiriridwa zonse. Nanga chipatala cha khansa chimene boma lamanga pa Kamuzu Central ku Lilongwe? Makina owotcha khansa sayenda popanda munthu wa fizikisi wowerengera mlingo wa cheza chimene wodwala alandire. Akalakwitsa iyeyo, dokotala ndi namwino tonse talakwa. Mipata yotereyi ndi yochepa ndipo amalimbirana anthu ambiri, izi ndamuuza mwanayo mosabisa.

Pagulu la banja ndinayankha Lamlungu, nditachoka kutchalitchi ku Oud Metha. Ndinati fizi ipitirira mpaka amalize, bola magiredi azinditumizira ine mwini semesita iliyonse, ndipo patchuthi azikaphunzitsa masamu ana a Fomu 4 pasukulu ya kwathu, mwaulere. Achemwali anatumiza timanja topemphera. Achimwene anakhala chete masiku awiri, kenako kunabwera uthenga wa mawu wa masekondi asanu ndi awiri: "Ndamva, achemwali. Koma akadzasowa ntchito musadzandifunse ine."

Mwiniwake anathokoza ndi uthenga wautali, wa Chingerezi chokhachokha. Kumapeto kwake anawonjezera kuti batire ya laputopu yake yafa.